Nkhuku ya chinkhoswe cha Tadala

Tsiku limene ndinaganiza zopita ku Joni ndinali ndi mpeni m'manja, magazi a mbuzi ali m'zikhadabo. Ntchito yanga inali yopha mbuzi ndi kukazinga kanyenya pa Golomoti, m'mbali mwa msewu wa tala pomwe maminibasi amaima. Tsikulo dzuwa linafika paliwombo ndisanagulitse ngakhale mwendo umodzi, makasitomala anga anali ntchentche basi. Kenaka m'minibasi munatsika mnyamata amene tinkaphunzira limodzi ku Mua, munthu woti kalasi imodzi anaibwereza katatu, atavala jekete lachikopa kutentha konse kuja, foni ziwiri m'manja. Anagula nyama yodzaza mbale n'kumagawira anthu osawadziwa n'komwe. Ndinadzifunsa kuti kodi ineyo ndinalakwira ndani? Nditatsuka chiwaya ndinalunjika kwa alongo anga kukawauza kuti ndikupita.

Kwathu ndi kufupi ndi Mtakataka. Tinabadwa awiri, alongo anga a Felesiya ndiwo akulu, ine Dominiko wotsatira. Makolo athu ndi amalume athu anali atatisiya kale, choncho mwini mbumba ndinali ine ndemwe, ngakhale ndevu zinali zisanagwirane bwino. Alamu anga nawonso anali atamwalira, kuwasiyira a Felesiya mwana mmodzi, Tadala, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana ka ku pulaimale. A Felesiya sanandiletse. Anapitiriza kusenda chinangwa chawo, ndipo atamaliza anangoti: "Pita, Dominiko. Koma ukumbukire kuti mwanayu alibe malume wina." Ine ndinaseka, n'kuwalonjeza kuti zaka ziwiri zokha ndikhala nditabwera. Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchito yoyamba ku Debeni ndinaipeza pa fakitale yophera nkhuku. Atamva kuti kwathu ndinali wopha mbuzi sanandifunsenso zambiri, anangondipatsa magambuti ndi mpeni. Nkhuku zinkabwera zitakolekedwa miyendo m'mwamba pa unyolo woyenda wokha, makina n'kumazidula makosi, ndipo ine ndinkaima pambuyo pake kumaliza zimene makinawo aphonya. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka unyolo sunkaima. Ine ndinkadziyesa wolimba mtima, koma abale, kupha mbuzi ndi nkhani ina. Mbuzi umaigwira ndi manja ako, imakuyang'ana, umadziwa mwini wake ndi vuto limene lamugulitsitsa. Nkhuku za kumeneko zinali zisanaonepo dzuwa, zisanapalasepo pansi, zonenepa mwakuti miyendo yake yomwe inkalephera kuzinyamula. Masabata oyamba ndinkaziona ngakhale nditatseka maso. Kenaka ndinazolowera, ndipo kuzolowerako ndiko kumandichititsa manyazi mpaka lero.

Nyama ndiye tinkaidya, osanama. Mapiko, makosi, nthutumba, zonse tinkagula motchipa, moti m'chipinda chimene tinkagona Amalawi anayi munkanunkhira mafuta tsiku ndi tsiku. Ndinkajambulitsa nditagwira ntchafu ya nkhuku dzanja lililonse, n'kutumiza kumudzi, ndipo anthu ataona masaya ankati Joni wamuyanja Dominiko. Zimene chithunzi sichinkaonetsa n'zakuti Lamulungu tinkakhala anayi m'chipindamo aliyense maso pa foni yake, osayankhulana, wina akulira mwakachetechete chifukwa kwawo kwagwa maliro ndipo sapita. Ndalama ndinkatumiza, za feteleza, za fizi ya Tadala, za malata. Tadala ankanditumizira mauthenga a mawu, kundiuza za mayeso ndi za mbuzi imene yaswa, ndipo ndinkawamvera mobwerezabwereza mpaka foni kuzima. Ndinkadziuza kuti umalume wanga ndikuukwaniritsa bwino lomwe.

Chaka chachitatu ndinagwa pa ntchito, pomwepo pa unyolo. Ku chipatala nesi anandiyeza kawiri, akuganiza kuti makina ake alakwitsa. Anati magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso ali pakhomo, ndipo ndikapitiriza ndi mafuta, mchere ndi zakumwa zotsekemera ndidzabwerera kwathu m'bokosi. Ku fakitale sindinabwererenso.

Mnzanga wina anandipezera ntchito ya m'dimba la maluwa ndi m'khitchini kwa bwana wina wachimwenye, mkulu wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene mkazi wake anali atamwalira. Lamulo lake linali limodzi: m'nyumba mwake simulowa nyama, nsomba ngakhale dzira. Ndinkaganiza kuti sinditha mwezi. Koma munthuyo anali wokonda mtsutso, ndipo ine pakamwa panga sipauma, ndiye tinapezana. Ndi Chingerezi changa chothyokathyoka ndinamuuza kuti nyama anatipatsa ndi Mulungu, ndipo ngakhale Ambuye Yesu anaotchera ophunzira awo nsomba. Iye anandifunsa ngati mbuzi imalira ukamaicheka. Ndinati imalira zedi. Anati nanga imakhala ikupempha chiyani? Ndinathawira kwa mkango, kuti nawo umadya nyama popanda kuulula machimo, iye n'kundifunsa ngati ndili mkango. Tsiku lina ndinamugwira pakhosi: ndinamufunsa za udzudzu umene ankaupopera mankhwala, ndi za nsapato zachikopa zimene anavala. Nkhope yake inagwa. M'mawa mwake anatuluka atavala nsapato zansalu, osandiyang'ana, koma za udzudzu sanandiyankhe mpaka lero.

Anandiphunzitsa kuphika mphodza, nandolo ndi nyemba mwanjira yoti munthu n'kuiwala kuti mulibe fupa. Poyamba Lamulungu ndinkazemba kukadya nyama kwa anzanga. Koma tsiku lina mnzanga atavundukula poto wa nkhuku, fungo lija linandibwezera pa unyolo paja, ndinatuluka panja n'kukakhala pa njerwa. Kuyambira pamenepo sindinaikenso nyama m'kamwa. Thupi linapepuka, magazi anasiya kuthamanga, mapiritsi anandichepetsera. Koma ndisaname ngati ogulitsa mankhwala a m'basi: nthawi yomweyo ndinasiyanso mowa ndi zotsekemera, ndiye chimene chinandichiritsa kwenikweni sindichidziwa. Komanso patapita zaka ziwiri ndinayamba chizungulire, nesi n'kunena kuti magazi achepa, ndizimwa mkaka ndi timapiritsi tina. Kusadya nyama nako kumafuna nzeru ndi kathumba. Za zonsezi kumudzi sindinanene kanthu.

Kenaka a Felesiya anaimba foni kuti Tadala wapeza banja. Mnyamatayo ndi Kondwani, mwana wa asodzi a kunyanja, ndipo chinkhoswe chikhala anthu akakolola mpunga. Ndinasangalala, n'kunena kuti nditumiza ndalama za zonse, msuweni wathu wina akhale nkhoswe m'malo mwanga. "Ndalama sikhala pa mphasa," anatero a Felesiya, n'kudula foni. Ndinapempha bwana mwezi umodzi, ndipo ndinagula tikiti ya basi yopita ndi kubwerera.

Nditatsika pa Mtakataka anthu sanandizindikire, poti ankayembekeza Dominiko wa masaya wa pa chithunzi uja. Ena ananong'onezana kuti mtchona wabwera akudwala. Kunyumba Tadala anandithamangira, mtsikana wamtali kundiposa. Ndisanakhale n'komwe pansi, a Felesiya anali atagwira kale tambala, mpeni uli pa mwala. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti asaphe, ine nyama ndinasiya. Anandifunsa ngati ndalowa mpingo wina, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndi za asing'anga, ndinati ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kumutaya tambalayo. Tsikulo tinadya nkhwani wotendera.

Ndikanakhala wanzeru ndikanatseka pakamwa pomwepo. Koma ine ndi ine. Sabata yonse aliyense wobwera kudzandilonjera ankalandira ulaliki: nyama imatseka mitsempha, nyama imabweretsa shuga, nkhuku nayo imamva kuwawa ngati ife. Anthu ankangoti eti, kodi, n'kumayang'ana chikwama changa ngati mutuluka kanthu. A Felesiya anapirira mpaka tsiku limene ndinayamba kunyoza usipa umene anaanika pa thandala. Anandifunsa kuti ndikuganiza kuti pakhomo pano nyama imadyedwa kangati pa chaka. Anawerenga okha pa zala: Khirisimasi, Pasaka, maliro, ndi mlendo akabwera. Anandionetsa kabuku kawo ka kuchipatala, kuti nawonso magazi amathamanga, chonsecho chakudya chawo ndi bonongwe ndi chisoso. "Iwe unasiya nyama chifukwa unakhuta," anatero. "Ife sitinaiyambe n'komwe."

Tadala naye anaikapo ake, mwaulemu, maso pansi. Anati kusikelo amayi oyembekezera amawauza kuti azidya mazira ndi tinsomba, nanga iye akadzakhala ndi mwana adzamumane usipa? Ndinati nyemba, soya ndi nsinjiro zimagwira ntchito yomweyo. Anavomera, koma anandikumbutsa kuti miyezi ya njala nyemba zimakwera mtengo pomwe kamulu ka bonya munthu amakapeza. Ku Debeni mtsutso uja tinkauchita titakhuta, mashopu ali pakhomo.

Koma nkhani yeniyeni inali isanafike. Pa chinkhoswe cha kwathu, akuchimuna amabweretsa tambala wamoyo, akuchikazi thadzi, n'kusinthana. Kenaka pamabwera nkhuku yootcha yathunthu m'mbale, ndipo ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, amaikhadzula ndi manja n'kudyetsana anthu onse akuona. Mwambowu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma ndikhulupirireni, ulendo wonse wa m'basi sunandibwerere m'mutu. A Felesiya atandikumbutsa, ndinati palibe vuto, ndidzangoigwira nkhukuyo, msuweni wathu adzadya m'malo mwanga. Ndinkaona ngati ndapeza nzeru.

M'mudzi mulibe chinsinsi. Pasanathe masiku awiri mawu anali atafika kunyanja, ndipo anafika atanenepa. Kumeneko ankati malume a ku Joni akukana kudya ndi asodzi chifukwa amanunkha nsomba, ena ankati sakufuna ukwatiwo, akufuna kumutengera mtsikanayo ku Joni kwa mwamuna wandalama. Azakhali a Kondwani anayamba kunena zoti chinkhoswe chiimitsidwe kaye. Ndinamupeza Tadala kuseri kwa nkhokwe akulira, ndipo atandiona anapukuta maso n'kunamizira utsi. Mtima wanga unawawa kwambiri. Mwana uyu ndinamulipirira sukulu zaka zonsezi, ndipo tsopano ndinali pafupi kumupasulira banja lisanayambe.

Kutatsala masiku awiri, m'mawa, kunabwera a Mbewe pa njinga. Amenewa ndi amalume ake a Kondwani, nkhoswe ya kuchimuna, msodzi wachikulire wa manja okhakhala ndi mawu apansipansi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Sanabwere ndi ndewu. Anandipempha kuti ndiwafotokozere ndekha, ndipo ndinawauza zonse, za unyolo, za kugwa kwanga, za bwana ndi nsapato zake. Pa nsapatopo anaseka mpaka kutsokomola. Anati akundimvetsa, iwonso mlamba sadya chibadwire, anzawo achisilamu a m'boti sadya nkhumba, ndipo palibe amene amakakamiza mnzake. Anati ngakhale iwo, akamakoka khoka n'kuona tiana ta nsomba tikuphiriphitha pa mchenga, pena mtima umawauza kuti tikuonjeza.

"Ndiwo sitikakamizana, achimwene," anatero. "Koma ya mkuja ija si ndiwo. Amene wadya nkhuku ija akunena pamaso pa anthu kuti ana awa akadzayambana, ine ndidzabwera ndi miyendo yanga, ndidzakhala pa mphasa mpaka nkhani ithe."

Ndinati zimenezo ndikuzidziwa. Ndiye anandifunsa kuti ku Joni ndibwerera liti. Ndinawauza tsiku lolembedwa pa tikiti. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana matayala a njinga yawo.

"Ndiye mwina mukulondola osadya," anatero. Anatsanzika mwaulemu n'kupalasa njinga yawo.

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse a a Felesiya. Ndinakhala pansi pa mango paja mpaka mthunzi unandichokera. Masiku onsewa ndinkaganiza kuti ndikuteteza nkhuku, ndipo mbali ina ndinkaitetezadi, sindikukana. Koma pansi pake panali tikiti ija. Ndinkafuna kukhala nkhoswe yogwira nkhuku ndi nsonga za zala, wina n'kundidyera, monga momwe kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinakhalira malume wa pa foni, wina n'kumandikhalira pa maliro. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene ankanyowa sanali ine ayi, anali Tadala.

M'mawa wa chinkhoswe ndinauza a Felesiya kuti nkhuku yootchayo ndipha ndekha. Anadabwa, koma anandipatsa mpeni. Ndinaona kuti ngati ndidye, ndisabisale kumbuyo kwa dzanja la wina. Inali nkhuku imene Tadala anailera yekha kuyambira ili kamwanapiye, yofiirira, yodziwa bwalo lonse ndi pomwe pamagwa madeya. Inali itaona dzuwa, itapalasa pansi chaka chathunthu. Sindinena kuti zimenezo zinaichotsera ululu, chifukwa inalira, ndipo ndinaimva. Ine amene ndinapha mbuzi zosawerengeka, ndinaiuza kuti pepa, n'kuchita mwachangu.

Masana bwalo linadzaza. Amayi anaimba, anabweretsa atsikana ofundidwa zitenje kuti akuchimuna asankhe wawo, anthu anaseka, anafupa. Tinasinthana tambala ndi thadzi, khasu ndi nkhwangwa mbali iyi, lichero ndi mthiko mbali inayo. Kenaka mbale ija inaikidwa pakati pa ine ndi a Mbewe, ndipo maso a bwalo lonse anali pa ine, poti aliyense anali atamva nkhani yanga. A Mbewe anagwira mwendo umodzi, ine winawo, tinakoka. Iwo anabenthula kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, kondichitira chifundo, n'kukabweretsa pakamwa panga. Ndinapukusa mutu, ndipo ndinamva azakhali a Kondwani akukoka mpweya. Ndinawalozera a Mbewe ntchafu yonse. Anandiyang'ana m'maso kuti aone ngati ndikudziwa chimene ndikunena, kenaka anandipatsa. Ndinaluma, ndinatafuna, ndinameza. Inakoma, ndipo kukomako kunandiwawa. Nthungululu zinaphulika, koma ine ndinkayang'ana a Felesiya, amene anali atatembenukira kumbali akupukuta nkhope ndi chitenje.

Patapita masiku atatu ndinaimbira bwana wanga. Ndinamuuza zinthu ziwiri, kuti ndadya nkhuku ndiponso kuti sindibwerera. Iye anafunsa ngati nkhukuyo inalira, ndinati inalira. Anafunsa ngati ndinaimva, ndinati ndinaimva. Anati chabwino, koma mtsutso wathu sunathe, ndipo mphodza zake tsopano aziphika ndani? Ndinamumvera chisoni mkuluyo, chifukwa naye anali yekha.

Kuyambira tsiku la chinkhoswe sindinadyenso nyama, ndipo sindikuganiza kuti ndidzadya, pokhapokha mwana wa Tadala akadzakula n'kundifunanso pa mphasa. Ndinapeza kamunda ka mpunga ku Bwanje, ndipo masiku a msika ndimagulitsa mpunga wa mphodza pa Golomoti, pafupi ndi pomwe panali chiwaya changa. Anyamata a kanyenya amanditcha Amalume a Masamba, amati ndikuwathawitsira makasitomala, chonsecho akadwala m'mimba amabwera kwa ine. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi za ku Joni, ndipo masiku ena ndikaona basi yopita kumeneko mtima umadumpha. Ulaliki ndinachepetsa. Munthu wa masaya ngati anga akale ndimamuuza zoona, koma mayi wogulira mwana wake kamulu ka usipa ndimangomupatsa moni. A Felesiya amaphika miphika iwiri ya ndiwo akung'ung'udza, ndipo ine ndi a Mbewe tikakumana timayambira pomwe tinalekezera, iwo za nsomba, ine za nyemba, palibe wogonja.

Chaka chatha, mvula itangosiya, Tadala anatulukira pakhomo m'mawa, mwana kumbuyo, chikwama pamutu, maso atatupa. Chimene anayambanirana ndi Kondwani ndi cha m'nyumba mwawo, sindichilemba pano. A Felesiya anamulandira chikwamacho, anamukhazika pa khonde, kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanafunefune foni, sanatume munthu kukagula mayunitsi. Anangondiyang'ana, ine ndili pomwepo, mapazi anga ali pa dothi la pakhomo pawo.

Ndinalowa m'nyumba, ndinavala nsapato, n'kuuyamba wapansi ulendo wa kwa a Mbewe.